Adindo Ayese Matepi Awo Kusanapse

Kuchokera kuno ku Kauma kukafika ku Capital Hill si ulendo wofuna kamba, ndipo m'mawa uliwonse, kusanayere bwino, anthu a m'mudzi muno amakhamukira cha kumeneko, ena pansi, ena pa kabaza, kunka kukalondera zipata, kukasesa maofesi, kapena kukaphika ndi kuchapa m'nyumba za mabwana ku Area 10, Area 12 ndi Area 43. Tili pafupi ndi boma chotere, komabe chilipo chipinda china cha boma chimene ambiri a ife sitidapondemo, chinkana moyo wathu udalembedwa m'menemo: chipinda chozizira, chokhomedwa nthawi zonse, m'mene makina otchedwa maseva amalira usana ndi usiku osapuma. M'makina amenewo ndimo muli dzina la mlonda ndi nambala ya chitupa chake cha unzika, malipiro a mphunzitsi, penshoni ya nkhalamba imene idatumikira boma mpaka imvi, laisensi ya woyendetsa minibasi, ndi nkhope ya mnyamata wofuna pasipoti. Chiyambire chaka cha 2017, pamene bungwe la NRB lidalembera anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire zitupa, munthu m'dziko muno amadziwika ndi chimene makina anena za iye. Makinawo akangoti zii, mwini dzina amangoti kakasi pa windo, namva mawu aja tidawazolowera tonse, akuti netiweki yavuta, mubwerenso mawa.

Tsono mlandu wanga ndi adindo a maofesi athu ndi umodzi wokha, ndipo ndiunena mosapsatira. Mukafunsa mkulu wa ofesi ngati zolembedwa za anthu zili potetezeka, adzakuyankhani ndi nkhope yowala kuti zonse zimakopedwa usiku uliwonse, kuti makope ake, amene amisiri amati backup, ali pa matepi m'kabati yachitsulo, ndi kuti mtima wanu ukhale m'malo. Koma mukamufunsa kuti ndi liti pamene adatenga makopewo, nawaika m'makina opanda kanthu, nadikira kufikira ntchito yonse ya ofesi itadzukanso kuchokera m'menemo, pamenepo mawu amachepa. Kusunga n'kwapafupi, pakuti makina amachita okha anthu ali m'tulo. Kubwezeretsa ndiko kumaonetsa ngati kusunga kuja kudali kwenikweni kapena kwa pakamwa chabe, ndipo ntchito imeneyi ife timakonda kuiphunzira tsiku limene nyumba yayaka kale.

Tidaziona ndi maso athu mu 2024. Mu Januwale chaka chimenecho nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti, ndipo masabata adapita anthu akungouzidwa kuti makina avuta, kufikira pa 21 Febuluwale pamene mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, adaimirira m'Nyumba ya Malamulo nanena kuti akuba a pa intaneti adalowa m'makinawo, kuti akufuna dipo, ndi kuti boma silidzawalipira. Adapereka masabata atatu kuti njira ipezeke. Mu Malichi tidamva kuti kampani ya E-Tech Systems yathandiza kudzutsa makinawo, kusindikiza kudayambanso pang'onopang'ono kuyambira mu Lilongwe muno, ndipo mtengo wa pasipoti wamba udatsitsidwa kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Ena, makamaka a mabungwe omenyera ufulu wa anthu, sadaivomere nkhani ya akubayo. Iwo adati gwero lake lidali kusamvana ndi Techno Brain, kampani imene idapatsidwa ntchito ya mapasipoti mu 2019 pa mtengo wa madola 60.8 miliyoni, imene pangano lake mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo wa nthawi imeneyo, a Thabo Chakaka Nyirenda, adalithetsa mu Disembala 2021. Mlandu umenewo ndiusiyira eni ake. Pakuti kaya adali akuba, kaya lidali pangano lophwasuka, funso la munthu wa ku Kauma silisintha: boma likadakhala ndi makope akeake, makiyi akeake, ndi amisiri akeake amene adayeserapo kudzutsa makinawo, kodi dziko lonse likadakhala pafupifupi miyezi iwiri lopanda pasipoti yatsopano?

Amene adasenza katunduyo si amene adasaina mapangano. Adasenza ndi mnyamata amene mbale wake ku Joni adamupezera ntchito ya pa shopu, iye nagulitsa njinga ndi foni kuti apeze ya pasipoti ndi ya basi, n'kumva kuti malo aja atenga wina. Adasenza ndi mayi wa geni amene amakaoda katundu ku Dar es Salaam ndi ngongole ya banki m'khonde, chiwongoladzanja chikukwera iye ali pamzere. Adasenza ndi wodwala woyembekeza kupita ku India, ndi wophunzira amene sukulu yake kunja idatsegulira iye ali kuno. Ndipo khomo lenileni likatsekedwa, tonse tidziwa kuti achinyamata athu sabwerera kunyumba kukagona. Amadzera njira zamadulira za ku Mozambique, m'manja mwa anthu owazembetsa, ndipo ena mwa iwo ulendo umakawathera ku Lindela, kumene dziko la South Africa limatsekera alendo opanda zikalata.

Owerenga ena adabwa kuti m'masiku ano a mafoni a m'manja ndikunena za tepi, pokumbukira makaseti aja tinkamvera Alleluya Band tikuwazunguza ndi bolopeni posunga mabatire. Tepi ya makompyuta ndi mbale wake wa kaseti ija, koma iyo ikadali moyo, ndipo mabanki, makampani akuluakulu ndi maboma a maiko olemera amaidalira kufikira lero. Mtundu wofala ndi LTO, umene udayamba kugulitsidwa mu 2000, tepi imodzi ikunyamula magigabaiti 100. Ya m'badwo wachisanu ndi chinayi, LTO-9, imanyamula materabaiti 18 m'kabokosi konyamulika ndi dzanja limodzi. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ikatulutsidwa m'makina n'kuikidwa pa shelefu siidya magetsi, ndipo wakuba wa pa intaneti, angakhale wochenjera chotani, sangaifikire, popeza palibe waya woilumikiza ndi kunja. Ngakhale Google yeniyeniyo, mu Febuluwale 2011, pamene pulogalamu yolakwika idawononga makalata a Gmail a anthu ena m'makope amene adali m'madisiki, idakawapezanso m'matepi. Choncho tepi ndilibe nayo chifukwa. Chimene ndikutsutsa ndi chikhulupiriro chakuti kukhala nayo m'kabati ndiko kupulumuka.

Tiyeni tilowe m'chipinda chija pa tsiku la tsoka, tione chimene mmisiri amakumana nacho. Seva yafa, ndipo pamodzi ndi mafailo a anthu yafanso pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makina onse, operating system, imene popanda iyo chitsulocho sichidziwa ngakhale kuwerenga tepi imene muli chipulumutso chake. Mmisiri ayenera kuyamba wadzutsa makinawo ndi flash yapadera yodzutsira, imene idayenera kukonzedwa kale m'masiku a mtendere. Akaipeza, ngati ilipo n'komwe, amalozera makinawo ku tepi, nawauza kuti alembe zonse pa disiki yatsopano. Apa ndipo pamatuluka uthenga wakuti disiki ili ndi vuto. Uthenga umenewu ndi wonyenga, pakuti pakati pa tepi ndi disiki pali zinthu zambiri, makina owerengera tepi, waya, kachipangizo kolamulira madisiki, ndi pulogalamu yokopera, ndipo chilichonse cha izi chikalephera chikhoza kunamizira disiki yosalakwa. Mmisiri wopupuluma amathamangira kukagula disiki ina, nabwerera, n'kupeza uthenga womwewo ukumudikira. Wodekha amayamba wasuntha kabatani kofiira ka pa tepi kuti pasalembedwenso kanthu. Madisiki akale amawachotsa n'kuwaika padera osawakhudza, podziwa kuti kubwezeretsa kumafufuta zonse za pa disiki imene kwalunjika, ndi kuti ambiri adawononga zotsala zawo posankha disiki yolakwika. Pambuyo pake amawerenga buku la zochitika limene makina amalemba okha, kuti aone ngati cholakwika chidagwa powerenga kapena polemba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chikakhala cha polemba, kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa zinthu zingapo zodziwika bwino kwa anthu a ntchitoyi. Mwina disiki yatsopano ndi yaing'ono kuposa yakale; ndipo chodabwitsa n'chakuti madisiki awiri olembedwa kukula kofanana pa chikuto, koma ochokera ku makampani osiyana, amatha kusiyana pang'ono m'kati, kusiyana kochepako n'kukhala kokwanira kuti mapulogalamu ambiri obwezeretsera akane kuyamba, ngakhale theka la disiki yakaleyo lidali lopanda kanthu. Mwina disiki ilimo ndipo ndi yamoyo, koma makina akuti sakuiona, chifukwa seva yatsopano ili ndi cholamulira madisiki cha mtundu wina, ndipo mu flash yodzutsira ija mulibe driver yake, kapulogalamu kamene kamamasulira chilankhulo cha chipangizocho. Mwina seva yakale inkadzuka mwa njira yakale ya BIOS, disiki yake itagawidwa mwa dongosolo la MBR limene silidziwa kuwerenga kupyola materabaiti 2, pamene yatsopanoyo ifuna UEFI ndi GPT; mwinanso yakale inkalemba m'timagawo ta mabaiti 512, yatsopano n'kumalemba m'ta 4,096. Zina mwa izi zimabisala mpaka kumapeto: tepi imatsanula zonse bwinobwino kwa maola ambiri, mmisiri mtima n'kukhala pansi, koma pozimitsa makina ndi kuwayatsanso, Windows imangoonetsa sikirini yabuluu yonena kuti disiki yodzukirapo siikufikirika. Apo zolembedwa zonse zilimo, zosawonongeka ngakhale chilembo chimodzi, koma anthu a pamzere kunja kuja sizikuwathandiza kanthu kufikira wina atadziwa kuikamo driver yosowayo ndi kukonza kagawo kodzukira.

Nthawi zina disiki imakhala yodwaladi. Madisiki ali ndi kaundula wa thanzi lawo, wotchedwa SMART, amene amawerenga timagawo towonongeka, ndipo mmisiri wanzeru amayamba wamuona, nayesa disiki yonse kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, asanaikhulupirire ndi katundu wa anthu. Kuno kwathu madisiki amakalamba msanga chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Tikumbukire kuti namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo makina a m'maofesi adakhala moyo wodalira majenereta ndi mabatire. Magetsi akathima disiki ili pakati polemba, chimene chimatsala ndi cholembedwa chatheka, ndipo cholembedwa chathekacho chikhoza kukopedwa kupita ku tepi usiku womwewo popanda woona. Komanso munthu asatinamize kuti poti madisiki adamangidwa pamodzi mwa njira ya RAID, yakuti imodzi ikafa zinzake zisenze katundu wake, ndiye kuti backup ilipo. Madisiki ogulidwa tsiku limodzi, ogwira ntchito imodzi m'kutentha kumodzi, amakalambira limodzi, ndipo si zachilendo kuti yachiwiri ife pamene makina ali kalikiliki kumanganso yoyamba. Kuonjezera apo, chimene munthu wafufuta, kapena chimene akuba atseka, chimatayika m'madisiki onsewo pa mphindi imodzi.

Chikakhala cha powerenga, mlandu umabwerera kwa tepi ndi makina ake. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala, limene ife a ku Lilongwe timalidziwa m'maso ndi m'mphuno, limamata pa kamutu kowerengera. Ilipo tepi yapadera yotsukira, imene imagwira ntchito pafupifupi ka 50 n'kutha mphamvu, koma ndi maofesi angati amene amakumbukira kugula ina? Opanga amati tepi ikhoza kukhala zaka 30, koma amanena tepi yosungidwa pozizira ndi pouma, osati yosiyidwa pafupi ndi windo m'kutentha kwa Okutobala, kapena yolembedwa ndi kufufutidwa sabata ndi sabata mpaka itaperepeseka. Palinso msampha wa mibadwo: makina a LTO-7 ndi am'mbuyo mwake amawerenga matepi a mibadwo iwiri yapitayo, koma a LTO-8 ndi LTO-9 amangowerenga m'badwo umodzi wa m'mbuyo, kotero kuti ofesi imene idagula makina atsopano n'kutaya akale ikhoza kukhala ndi kabati yodzaza ndi matepi abwinobwino amene ilibe chowawerengera. Koma zowawa koposa zonse ndi ziwiri zimene si za chitsulo konse. Choyamba, kaundula wonena kuti failo yakutiyakuti ili pa tepi yakutiyakuti adali kusungidwa m'seva yomwe yafayo. Chachiwiri, kiyi wachinsinsi wotsegulira matepiwo, kapena laisensi ya pulogalamu yowawerengera, zili m'manja mwa kampani yakunja imene mudasemphana nayo, kapena m'mutu mwa mnyamata mmodzi amene adasiya ntchito chaka chatha napita ku bungwe lolipira bwino.

Palibe chimodzi mwa zonsezi chimene chimaoneka pa tsiku losunga. Usiku uliwonse makina amalemba kuti ntchito yatheka, ndipo sanama, pakuti amakopadi. Kungoti palibe adawafunsa ngati zokopedwazo zingadzutse ofesi. Mayi aliyense wa ku Kauma amene ali ndi kamunda kumudzi aidziwa nzeru imene ikusoweka pano. Mbewu ya chimanga yopachikidwa ku tsindwi la khitchini imaoneka yokongola chaka chonse, koma mlimi wochenjera sadikira mvula yoyamba kuti adziwe ngati anankafumbwe adaidya mtima; mwezi wa Okutobala amatapa njere zingapo, nazikwirira kuseri kwa bafa kumene sikusowa chinyontho, nawerenga zimene zamera, kuti ngati mbewuyo idafa akhale ndi nthawi yokapempha ina kwa achibale. Wosayesa amadzadziwa choonadi mizere atalima kale, mvula itagwa, anzake akupalira.

Tisayese kuti ili ndi tsoka la amphawi okha. Pa 31 Januwale 2017 mmisiri wa kampani ya GitLab, atatopa ndi ntchito ya usiku, adafufuta molakwitsa nkhokwe yaikulu ya kampaniyo. Eni ake adali ndi njira zisanu zosungira makope, ndipo pozitembenukira adapeza kuti panalibe ndi imodzi yomwe imene inkagwira ntchito moyenera, ina itakhala ikulephera mwakachetechete, makalata ochenjeza osafika kwa munthu aliyense. Adapulumukira pa kope limene munthu adalijambula pa chifukwa china maola asanu ndi limodzi m'mbuyomo. Chaka chomwecho, mu Juni, kachilombo ka NotPetya kadagwetsa makompyuta a Maersk, kampani ya sitima zapamadzi ya ku Denmark imene makontena ake timawaona pa misewu yathu. Maseva ake osunga kaundula wa antchito ndi makiyi awo, pafupifupi 150 pa dziko lonse, adafa onse nthawi imodzi, popeza iliyonse inkadalira inzake kuti ndiyo kope lake. Idatsala imodzi yokha, ku Ghana, imene idapulumuka chifukwa magetsi adali atathima kumeneko pamene kachilomboko kankayenda. Disiki yake adachita kuinyamula pa ndege, kudzera ku Nigeria, kukafika nayo ku England, ndipo m'masiku khumi adamanganso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000. Ife a kuno tikhoza kuseka kuti kuthima kwa magetsi nako kudaona tsiku lake laulemu, koma mwayi wotere suikidwa mu bajeti ya boma.

Pafupi ndi kwathu, mu Juni 2024, akuba adalowa m'makina a National Health Laboratory Service ku South Africa, bungwe loyeza magazi la zipatala za boma kumene abale athu ambiri a ku Joni amalandira thandizo, nawononga ndi makope omwe amene adali olumikizidwa ku netiweki, kotero kuti madokotala adabwerera ku matelefoni ndi mapepala kwa masabata angapo. Akuba a masiku ano amayamba afunafuna backup asanatseke china chilichonse, podziwa kuti munthu wokhala ndi kope labwino salipira dipo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipotu dziko lino lidakwapulidwapo kale ndi chikwapu chimenechi, makompyuta asanabwere ndi atabwera. Mu 1919 moto udatentha ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za Nyasaland adasanduka phulusa, kotero kuti olemba mbiri yathu amachita kukafunafuna makope ake ku London. Nyumba yosungira zakale ya ku Zomba idadza pambuyo, mu 1947. Mu Julayi 2014 moto udanyeketsa nyumba yosungiramo katundu ya bungwe loyendetsa zisankho mu Lilongwe muno, momwe mudali mavoti a dera la Lilongwe City South East amene khoti lidalamula kuti awerengedwenso, ndipo anthu a deralo adadikira mpaka 2017 kuti avotenso. Ndiye pali Cashgate ya 2013, pamene anthu ankalowetsa malipiro abodza m'makina a boma olipirira ndalama a IFMIS, cheke n'kutuluka, iwo n'kufufuta zonse m'makinamo kuti pasaoneke phazi. Ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, Epulo mpaka Seputembala, ndalama zokwana K13.6 biliyoni zidatuluka mosayenera. Apa mdani wa zolembedwa adali mwini makiyi, munthu wa m'nyumba momwemo. Ndipo n'chifukwa cha anthu otere kuti alipo matepi ena, otchedwa WORM, amene akalembedwa kamodzi safufutikanso, oyenera kusungidwa ndi ofesi ina yosiyana ndi imene ikulemba malipiro. Mneneri Yeremiya pogula munda wa ku Anatoti, Yerusalemu atazingidwa ndi adani, adalembetsa makalata awiri, ina yomata ina yosamata, nawapereka kwa Baruki pamaso pa mboni kuti awaike mu mbiya yadothi, akhalitse. Makope awiri, m'manja mwa munthu wina, mboni zikuona: adindo athu ambiri adaiwerenga nkhani imeneyi ku Sande sukulu, ndipo akadangoitsata tikadapulumuka zambiri.

Ndidziwa chimene adzayankha. Adzati ndalama kulibe, ndalama zakunja zikusowa, ndipo makina otere sagulidwa ndi makwacha. Yankho limeneli lili ndi choonadi chake, ndipo sindilipeputsa. Komabe tepi imodzi siifika pa mtengo wa tayala limodzi la magalimoto aja akuluakulu amene mabwana amayendera, ndipo kuyesa kumangofuna seva imodzi yopuma, kapena makina ongoyerekeza okonzedwa m'kati mwa seva ina, ndi masiku awiri a mmisiri wosasokonezedwa. Ine ndiona kuti chimene ntchitoyi ilibe ndi ulemerero. Kugula makina atsopano kuli ndi riboni yodula, nduna, atolankhani, ndi msonkhano wa kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima ndi maalawansi ake. Kuyesa tepi Loweruka masana kulibe wojambula. Tsono mnyamata wa m'chipinda chozizira chija, amene amalemba makalata opempha tepi yotsukira ndi mabatire atsopano n'kuyankhidwa kuti adikire chaka cha ndalama chamawa, ndiye amene amayamba kulozedwa chala zinthu zikavuta, pamene wokana kusaina uja ali phee pa mpando wake.

Ena adzati mankhwala ake ndi National Data Centre imene idatsegulidwa ku Blantyre mu Julayi 2022, yomangidwa ndi Huawei, kapena kusungitsa zonse m'makina a makampani akunja kudzera pa intaneti. Zonsezo n'zabwino, ndipo kuyeneradi kuti kope lina likhale kutali ndi Lilongwe. Mwambo wa amisiri umati makope akhale atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina. Koma kukongola kwa nyumba sikuchotsa funso lija. Kope la ku Blantyre nalonso liyenera kuyesedwa, ndipo wina ayenera kukhala ndi wotchi m'manja, nawerenga kuti materabaiti angapo atenga maola angati kuyenda pa waya wa intaneti umene tili nawo, kuti nduna isamalonjeze mawa chinthu cha sabata yathunthu.

Nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo mapangano amene ndikupempha ine si ovuta. Mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma akamayendera maunduna, asakhutire ndi kuonetsedwa kabati ya matepi. Atole tepi imodzi ndi dzanja lake, ndipo amisiri adzutse nayo makina opanda kanthu iye ali pomwepo. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yolondoloza chuma cha boma, PAC, ikaitana mlembi wamkulu wa unduna, imufunse kuti kuyesa komaliza kudachitika liti, kudatenga maola angati, ndipo chidakanika n'chiyani. Pakuti wonena kuti palibe chidakanika, ameneyo ayenera kufunsidwa kawiri. Pangano lililonse ndi kampani, yakunja kapena yakuno, linene poyera kuti makiyi, kaundula wa matepi, malaisensi ndi buku la malangizo zikhala m'manja mwa boma kuyambira tsiku loyamba, ndi kuti gawo lomaliza la ndalama silituluka kufikira amisiri a boma atadzutsa makinawo okha, eni kampani atapinda manja. Bungwe la MACRA, limene lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lidaliika kukhala mlonda pa nkhaniyi, likumbukire kuti kutaya zolembedwa za munthu kumamupweteka monga momwe kumamupwetekera zikabedwa. Ndipo sukulu zathu zaukachenjede, MUBAS, MUST, UNIMA ndi Mzuni, zisatulutse mwana wa zamakompyuta amene sadakhalepo usiku umodzi ndi seva yakufa, tepi, ndi disiki yosagwirizana nayo. Mawu omwewa apitenso kwa ma SACCO, sukulu zoima pazokha, zipatala za mishoni ndi mipingo, kumene kaundula yense wa anthu amakhala m'kompyuta imodzi pansi pa tebulo la mlembi.

Inu anzanga a ku Kauma, Mgona, Chinsapo, Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25, nkhaniyi musaiyese ya anthu a matayi okha, pakuti mayina ali m'makinamo ndi anu. Phungu wanu akadzabwera kudzapepesa maliro kapena kudzaona kiyosiki ya madzi, mumutume akafunse nduna m'Nyumba ya Malamulo kuti a Immigration, a NRB, a Road Traffic ndi ofesi yolipira antchito a boma adayesa liti komaliza kudzutsa makina awo kuchokera ku makope. Mumuuze kuti yankho lakuti zonse zili bwino asabwere nalo. Abwere ndi tsiku, mwezi, chaka, ndi chiwerengero cha maola amene ntchitoyo idatenga.